Alamu Anandipukutira Zithunzi, Osankha n'Kuzikonda

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi ndi chimwemwe chodzaza tsaya, koma mtima ukugunda ngati ndaba kanthu. Zithunzi zanga zasankhidwa kuti zikapachikidwe pa chionetsero cha zaluso. Azisankha ndi akatswiri omwe sandidziwa n'komwe, ndipo kunyumba kwathu chisangalalo sichikutha. Vuto n'lakuti zimene asankhazo si zimene ndinapanga ineyo. Ndiloleni ndiyambire poyambira.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito m'sitolo ya nsalu, tsiku lonse tepi m'khosi, sizasi m'manja. Zojambulazi ndinaziyamba nditagula kamera yakale ya filimu pakaunjika, ija yopukusa ndi chala ukatha kujambula. Filimu ndimatsuka ndekha m'bafa. Lamlungu masana ndimakhoma bulangete pawindo, kutseka mpata wa pansi pa chitseko ndi thaulo, n'kulengeza kuti wofuna bafa alowe pompano kapena apirire. Mankhwala ogula ndimagwiritsa amodzi okha, aja oletsa chithunzi kufufutika. Otsukirawo ndimasakaniza ndekha: khofi wa m'chitini, soda wochapira ndi ufa wa vitamini C. Amuna anga amati fungo lake lokha lingathamangitse akuba, ndiye palibe chifukwa choweta galu.

Amayi anga amakhala nafe. Maso awo onse awiri anachita ng'ala, ndipo tinadikira nthawi yaitali kuti tsiku la opaleshoni lifike. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi ndinawafunsa kuti, "Amayi, mukandiyang'ana mumaona chiyani?" Iwo anati, "Ndimaona munthu waima kuseri kwa galasi la bafa. Mutu wake wazunguliridwa ndi kuwala, ndiye timadontho tikuyandama paliponse. Koma ndimadziwa kuti ndiwe, chifukwa m'nyumba muno palibe wina amene amaima ngati akufuna kukangana."

Mawu amenewo sanandichoke m'mutu. Ndinaganiza zojambula anthu a m'nyumba mwathu mmene amayi ankawaonera. Ndinkapaka timafuta todzola pa galasi lakale n'kuliika kutsogolo kwa kamera. Filimu ikatha ndinkaiviika m'madzi ofunda a mandimu ndi mchere, kuiumitsa mumdima m'kabati, kenako n'kuitsuka ndi khofi uja. Mafilimu ambiri anaonongekeratu, ena ankatuluka akuda bii, ena opanda kanthu. Koma apo ndi apo pankatuluka chinthu choti ndinkakhala pansi m'bafamo n'kugwira pakamwa. Amuna anga akusita malaya, nkhope ili m'chifunga, timadontho tikuwazungulira. Akulu anga ataima pamasitepe, kuwala kwawadya phewa limodzi. Manja a amayi ali pa wailesi, akufunafuna pokwezera mawu.

Opaleshoni inayenda bwino, Aphungu! Tsiku limene anawachotsa bandeji, amayi analowa m'nyumba n'kuyamba kuyendera ngati bwana. Anati makatani ndi akuda. Anayang'ana amuna anga n'kunena kuti, "Kodi apongozi, imvi zonsezi zinabwera liti?" Titaseka mokwanira ndinawayalira zithunzi zija patebulo. Anazitenga chimodzichimodzi, akuziyang'anitsitsa. Kenako anati, "Eya. Umu ndi mmene ndinkakuonerani. Unalowa bwanji m'maso mwanga, mwana iwe?" Ndinalira, sindibisa.

Kutumiza ku zionetsero ndinali nditayesapo kangapo m'mbuyomu. Ndinkayala zithunzi zamadonthozo pabedi, kuzijambula ndi foni, kuphatikizapo za maluwa, za mphaka wa aneba ndi chilichonse chimene ndinkachiona kuti n'chokongola. Yankho linkabwera laulemu kwambiri, loti athokoza koma malo achepa. Chaka chino nyumba ina yoonetsera zaluso inalengeza chionetsero cha zithunzi za filimu zokhazokha. Osankha amaonera pa kompyuta zimene watumiza, ndipo lamulo lawo ndi lakuti chimene udzapachike chikhale chomwecho chimene unatumiza. Ndinasankha za maso a amayi zokha. Tsoka ilo, tsiku lotseka linali mkati mwa nyengo ya mayunifomu a sukulu, kusitolo kunalibe ngakhale mpata womeza malovu. Ndiye ndinathamangira kwa alamu anga.

Alamu angawa ndi amuna a akulu anga. Ali ndi situdiyo pafupi ndi siteji ya basi, amajambula za ziphaso ndi za maukwati, ndipo aliyense amawatchula kuti a Mwetulirani, chifukwa mawu amenewo sachoka pakamwa pawo. Ndi munthu wamtima wabwino koopsa. Akaona chiphuphu pankhope ya munthu pa kompyuta, dzanja limawayabwa. Akwati amatuluka mmenemo osalala moti azibale awo amachita kufunsa kuti uyu ndi ndani. Ndinawapatsa zithunzi zanga n'kunena kuti, "Alamu, mungozilowetsa m'kompyuta ndi makina anuwo n'kutumiza, adiresi ndi iyi." Iwo anati, "Pitani kuntchito, mlamu, zatheka kale zimenezi." Madzulo anandiimbira kuti, "Zandivuta pang'ono, koma zapita." Sindinafunse kuti zavuta pati. Za maso a amayi sindinawafotokozerepo, ndinkaganiza kuti aliyense woona azindikira yekha.

Uthenga woti ndasankhidwa unandipeza ndikudula nsalu. Ndinakuwa moti kasitomala anaganiza kuti ndadzidula chala. Kunyumba tinavina mpaka aneba kubwera kudzafunsa kuti kwagwanji, n'kuvina nawo. Amuna anga anauza anzawo onse kuntchito, ndi mlonda wa pageti yemwe. Amayi anapita okha kwa telala, ndi maso awo atsopanowo, kukasankha sitayilo ya diresi. A Mwetulirani anasindikiza uthengawo n'kuumata pakhoma la situdiyo, pamwamba pa zithunzi za akwati.

Sabata yatha nyumba ija inatulutsa chikalata cholengeza chionetsero, ndipo pakati pake panali chithunzi changa, cha amuna anga akusita. Koma Aphungu, nkhope ili mbee! Dontho ngakhale limodzi palibe, chifunga chapita, mabatani a malaya mutha kuwaona. Pansi pake alemba zoyamikira kuti ndi zithunzi zofatsa, zoyera, zoonetsa banja mwaulemu. Ndinasiya tepi pa kauntala n'kuthamangira kusitudiyo.

Ndinati, "Alamu, madontho aja ali kuti?"

Anamwetulira mpaka m'makutu. "Ndinachotsa onse, limodzilimodzi. Mlamu, filimu yanu ija inachita nkhungu. Sindikanalola kuti mukachite manyazi pamaso pa anthu ophunzira. Tsiku lija ndinabweza makasitomala, ngakhale chakudya chamasana sindinadye, khosi mpaka lero likuwawa. Koma taonani mmene zakongolera!"

Ndinangoti, "Zikomo alamu," n'kutuluka. Panjira ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inapitirira yokha kuseka kutatha.

Tsopano m'banja mwathu aliyense wasanduka loya. Akulu anga akuti, "Ingosindikiza zoyerazo kusitudiyo ukapachike, adziwa ndani? Usandiswere mtima wa mwamuna wanga." Amuna anga akuti, "Pachikani zonse ziwiri, chamadontho apa, choyera apa, nkhani yatha." Amayi akuti, "Ine diresi ndasoketsa kale, mupange zoti ndikalivale."

Ine usiku ndi usana funso ndi limodzi. Zaka zonsezi zamadontho zinkakanidwa, lero madontho achotsedwa ndiye zalowa. Kodi sizikutanthauza kuti ntchito yangayi ndi litsiro chabe? Ndikanena zoona mwina andichotsa, ndipo mwayi ngati uwu sindidziwa ngati udzabwerenso. Ndikakhala chete ndikapachika zithunzi zimene amayi sadzazizindikira. Tsiku lokapereka zithunzi layandikira, kwatsala masabata ochepa. Ndithandizeni, nditani kuti zithunzi zanga zenizeni zilowe, alamu osakhumudwa?

Ine wanu,
N.C., wa m'tauni muno

*

Mayi N.C.,

Choyamba, ikani sizasi pansi muombe m'manja. Mwasankhidwa, ndipo chimwemwecho musachibweze. Kalata yanu ndinaiwerenga ndikumwa tiyi, nditafika pa a Mwetulirani ndi khosi lawo ndinatsamwa. Alamu otere ndi osowa, ena tili ndi alamu oti ngakhale kukunyamulira jumbo amafuna kupemphedwa kawiri.

Musanadzipeputse, taganizirani zimene osankhawo anaona. Amene anadikira mpaka amuna anu aweramire pa malaya ndi ndani? Amene anaona kuti manja a amayi pa wailesi ndi chithunzi ndi ndani? Alamu anu anapukuta, koma sanaimike munthu pamasitepe. Diso limene akatswiriwo alikonda ndi lanu. Chimene sanachione ndi theka linalo la ntchito yanu, ndipo ndi limene muyenera kukawaonetsa.

Malangizo a akulu anu ayi, ndakana. Akunena mwachikondi, koma akukutumizani kuminga. Chionetserocho ndi cha filimu, ndipo anthu ake amadziwa kusiyanitsa pepala lotsukidwa m'beseni ndi lotuluka m'makina a situdiyo, ena amachita kulinunkhiza. Akadzazindikira okha, simudzakhala mayi amene alamu ake analakwitsa, mudzakhala mayi amene anabisa, ndipo anthu a zaluso m'tauni ndi ochepa, amauzana. Ngakhale atapanda kuzindikira, mudzaima pambali pa khomalo anthu akukuyamikirani ukhondo wa zithunzi, inu mukumwetulira mano okha. Zimenezo simungazipirire, ndakuonani kale m'kalata yanuyi.

Tsono za mantha anu oti madontho ndi amene ankakukanitsani. Mwaweruza mlandu mboni zisanalankhule. Osankha a m'mbuyomo sanaone ntchito yanu. Anaona nsalu ya pabedi, kuwala kwa babu, mthunzi wa foni, ndi mphaka wa aneba. Ndinafunsa mnzanga wina amene wakhalapo m'magulu osankha otere, ndipo anandiuza kuti, "Timaona zithunzi zambirimbiri pa kompyuta, chilichonse kanthawi kochepa. Dontho likabwera lopanda mawu timaliyesa ngozi. Likabwera pa zithunzi zonse mofanana, mwini wake n'kutiuza chifukwa chake, timakhala tsonga." Chaka chino munatumiza nkhani imodzi, yolowetsedwa m'kompyuta mowongoka ndi kuwala koyenera. Mwina ndi zimenezo zinakutsegulirani chitseko, osati kupukutako. Inu simukudziwa, inenso sindikudziwa, ndipo njira yodziwira ndi kukafunsa eni ake.

Koma musanapite kumeneko, yambani ndi kusitudiyo. Alamu asamve nkhaniyi kwa anthu apanjira kapena kwa akazi awo atakwiya. Pitani ndi amayi, tengani zithunzi zenizenizo. Athokozeni chifukwa cha tsiku limene anakutayirani, ndipo muvomere kuti inuyo simunawafotokozere. Kenako khalani chete, amayi awauze okha mmene ankaonera. Munthu amene wakhala zaka zonsezi akuyang'ana nkhope za anthu sangalephere kumva zimenezo. Manyazi adzachita, inde, koma musawasiye nawo manyaziwo, apatseni ntchito. Afunseni ngati anasunga zoyambirira zija asanazipukute, anthu a situdiyo kawirikawiri sataya. Ngati anataya, alowetsenso. Ulendo uno ntchito yawo ndi yakuti chimene chili pa kompyuta chifanane ndendende ndi chimene chili pa pepala, mtundu wa khofiwo, chifungacho, dontho lililonse pamalo pake. Fumbi la pa galasi la makina achotse, la pa filimu asakhudze. Luso limenelo ali nalo kuposa inu. Khalani pambali pawo, ndipo dzanja likayamba kuwayabwa muwagwire. Apangenso chimodzi choonetsa pepala lonse ndi m'mphepete mwake, ndi china choyandikira kwambiri, kuti woona adziwe kuti madonthowo ali m'chithunzi momwemo.

Sabata yomwe ino imbirani woyang'anira chionetserocho. Musadikire tsiku lokapereka, pamenepo amakhala atatopa, misomali yopachikira zithunzi ili pakamwa, ndipo munthu wotopa yankho lake lachangu ndi ayi. Muuzeni mwachidule kuti zimene zinatumizidwa zinakonzedwa pa kompyuta inu osadziwa, mwazindikira mutaona chikalata chawo, ndipo mukupempha kubwera ndi zenizenizo kuti osankha azione ndi maso. Za kunyoza alamu musayambe, sizikuwakhudza. Mukatha kuimba, tumizani zolowetsedwa bwinozo pamodzi ndi mawu ochepa ofotokoza ntchitoyo. Mawuwo musawaveke jekete. Lembani zimene amayi ananena za galasi la bafa ndi timadontho, lembani za mandimu, mchere ndi khofi, basi. Ambiri amalemba mawu akuluakulu oti iwo eni sangawamasulire, inu muli ndi nkhani yoti munthu akaimva amafuna kuonanso chithunzicho.

Ndisakunamizeni, akhoza kukana. Anasankha china, mukuwabweretsera china, ndipo ali ndi ufulu wonena kuti malamulo ndi malamulo. Akhozanso kutenga zingapo, kapena zonse, n'kusintha chikalata chawo. Zikavuta, afunseni kuti chionetsero chotsatira ndi liti komanso ndi nyumba ziti zimene zimakonda ntchito zoyeserera ngati yanuyi. Mudzatuluka akudziwa nkhope yanu, dzina lanu ndi zithunzi zanu zenizeni, zimene chaka chatha munalibe. Ndipo tsiku lotsegulira mupite ndithu, kaya zapachikidwa kaya ayi. Amayi avale diresi lawo, akayendere zithunzi za anthu ena ndi maso atsopanowo, ndikhulupirira kuti ndemanga sizikawathera.

Maganizo a amuna anu ndi abwino kuposa mmene iwo akudziwira. Mmene amayi ankaonera kumanzere, mmene akuonera lero kumanja, ndi chinthu choti ine ndingakwere basi kukachiona. Koma imeneyo ndi ntchito yatsopano, ya anthu awiri, ndipo dzina la alamu liyenera kulembedwa pambali pa lanu. Ikonzeni modekha mudzaitumize payokha. Musaigwiritse ntchito ngati pobisalira lero.

Zina ziwiri zing'onozing'ono. Magetsi a m'nyumba zoonetsera ndi owala kwambiri ndipo amayaka tsiku lonse, choncho onetsetsani kuti mapepala anu anakhala mokwanira m'mankhwala oletsa kufufutika ndipo anatsukuluzidwa bwino. Ikani limodzi mwa mapepala otsala pawindo masiku angapo muone ngati likusintha. Chinanso, kuyambira lero chilichonse chopita kwa osankha muzichiona ndi maso anu chisanapite, ngakhale kusitolo kutadzaza makolo onse a m'tauni muno.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo mulisunge. Anthu opanga zinthu zachilendo ali ndi matenda amodzi: akangoyala ntchito yawo pamaso pa akatswiri amayamba kuipepesera. "Pepani apa panathimbirira, apa mchere unachuluka, apa ndikanatha kukonza." Mukatero mudzakhala mwawauza nokha kuti aone zolakwika. Pepesani kamodzi kokha, chifukwa cha zimene zinatumizidwa, ndipo kupepesa kuthere pakhomo. Mukalowa, yalani zithunzi zanu patebulo mmene munawayalira amayi, bwererani m'mbuyo pang'ono, manja kumbuyo, pakamwa tseke. Chete ameneyo adzakutalikirani, koma mupirire. Woyamba kulankhula akhale iwo.

Aphungu